Funsani Tikuyankheni: Kodi mnyamata wa ku Angónia angakagwetsane ku Olimpiki?

FUNSO

Akonzi, ndine mlimi wa kachewere ndi chimanga kufupi ndi Ulongué m'boma la Angónia, ndipo ndalemba kuti mundithandize maganizo pa za mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono moti udindo wonse womuyang'anira uli pa ine. Mnyamatayu ali ndi zaka 19, ndipo kwa zaka ziwiri wakhala akugwira maganyu onyamula katundu ku Moatize, komwe anapezana ndi anzake ochita masewera ogwetsana amene iwo amawatchula kuti luta livre. Amaphunzitsidwa ndi bambo wina amene anachitapo masewerawa kunja, ndipo amachitira pa matiresi akale amene anawasoka pamodzi. Tsopano wabwera kumudzi ndi nkhani yakuti akufuna kukapikisana ku Olimpiki ya 2028 ku Los Angeles, ndipo akundipempha kuti ndigulitse ng'ombe zanga ziwiri zokoka ngolo kuti apeze ndalama ya ndege yopitira ku mpikisano wodzigulira malo. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti thupi lake limalemera makilogalamu 71 koma iye akuti ayenera kutsika kufika pa 65, motero akukana nsima, madzi akungonyambita, ndipo masana amathamanga atakulunga thupi ndi mapepala apulasitiki mkati mwa jekete. Mayi ake akuti masewerawa ndi omwe aja timaona pa kanema anthu akuswana ndi mipando. Kodi njira yopitira ku Olimpiki ilikodi kwa mwana wa kuno? Nanga ng'ombezi ndigulitse?

Malume wodandaula, Angónia

YANKHO

A malume, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mundilole ndiyambe ndi mayankho awiri amene sangadikire mpaka kumunsi kwa tsamba lino. Ng'ombezo musagulitse chaka chino, ndipo mapepala apulasitikiwo mumuvule mnyamatayo lero lomwe. Sindikunena izi chifukwa chopeputsa zimene mphwanu akulakalaka, ayi. Njira yopita ku Olimpiki ilipodi, ndipo ana a m'mayiko osauka ngati lathu lino anaidutsapo, koma chimene chimamulowetsa munthu pa njirayo si tikiti ya ndege, ndipo mnyamata amene wauma thupi ngati kapenta wa ku Cahora Bassa pathandala sangakagwetse munthu aliyense ngakhale atafika kumeneko.

Mlongo wanu muwakhazike mtima pansi pa nkhani ya mipando. Zimene amaona pa kanema zija ndi zisudzo zokonzeratu, zimene wopambana amakhala atadziwika kale anthu asanalowe m'bwalo, pamene luta livre imene mphwanu akuchita ndi mpikisano weniweni umene unalowa m'masewera a Olimpiki mu 1904. Masewerawa ndi pachibale ndi kugwetsana kuja tinkachita kubusa, ng'ombe zikagona pamthunzi masana, ife n'kujambula bwalo ndi chala chakuphazi pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, wina n'kugwira mnzake m'chiuno ndi kumutchera mwendo mpaka msana utagunda pansi, otsalawo n'kukuwa. Ine ndinakulira kumapiri komweko, ndipo ndimakumbukirabe mnyamata wina wamfupi, wa matewe, amene ankagwetsa anyamata aatali kumuposa chifukwa ankadziwa kutsika mwadzidzidzi n'kukumbatira mawondo awo asanaphethire. Patapita zaka zambiri, nditaonera akatswiri a ku Iran ndi ku Japan, ndinazindikira kuti kulowa m'miyendo kumeneko ndiko maziko a masewerawa, ndiponso ndiko kumawasiyanitsa ndi mtundu wina wa kugwetsana wotchedwa Greco-Roman, umene suloleza kugwira mnzako kumunsi kwa chiuno.

Kubusa tinkaweruzana tokha, koma kuno kuli malamulo olembedwa ndi bungwe la United World Wrestling, limene likulu lake lili ku Switzerland. Kumenya nkhonya, kuponda, kukanyanga pakhosi ndi kupotokola mfundo n'zoletsedwa. Awiriwo amalimbana pa mphasa yofewa, mkati mwa bwalo lozungulira lotambalala mamita 9, kwa zigawo ziwiri za mphindi zitatu chilichonse, n'kupuma masekondi 30 pakati. Ukagwetsa mnzako n'kumulamulira uli kumbuyo kwake umapeza mapointsi awiri, ukamutembenuza kuti msana wake uloze pansi umapezanso awiri, ukamunyamula ali chiimire n'kumugwetsera chagada umapeza anayi kapena asanu, ndipo ukamutulutsa m'bwalo umapeza imodzi. Wokanikiza mapewa onse awiri a mnzake pamphasa wapambana pomwepo, chimodzimodzinso amene wasiya mnzake ndi mapointsi 10. Wozembazemba amapatsidwa masekondi 30 kuti apeze pointi, ndipo akalephera pointiyo imapita kwa mnzake. Ndatchula zonsezi chifukwa mnyamata amene sanalimbanepo pamaso pa woyimbira wodziwa malamulo amataya mapointsi ambiri, osati chifukwa chochepa mphamvu, koma chifukwa chosadziwa pamene phazi lake laponda, ndipo matiresi osokedwa pamodzi aja alibe mzere wa malire.

Tsopano tione kuchepa kwa njirayi, ndipo nditengere chitsanzo pa Olimpiki ya ku Paris ya 2024, popeza bungwe lija limalengeza ndondomeko yatsopano pa Olimpiki iliyonse ndipo mphunzitsi wa mphwanu ayenera kuwerenga yekha ya 2028 mzere ndi mzere. Ku Paris malo a ogwetsana anali 288 m'magulu 18, kutanthauza kuti gulu lililonse la kulemera linali ndi malo 16 okha pa dziko lonse lapansi, ndipo dziko limodzi silinkaloledwa kutumiza anthu awiri m'gulu limodzi. Malo asanu oyamba anaperekedwa pa mpikisano wa akatswiri a dziko lonse umene unachitika ku Belgrade mu Seputembala 2023. Malo asanu ndi atatu anagawidwa ku zigawo zinayi za dziko lapansi, awiri chigawo chilichonse, ndipo ife a mu Africa anatiphatikiza ndi a ku Oceania, moti amene analimbana ku Alexandria m'dziko la Egypt mu Malichi 2024 anapikisananso ndi anyamata a ku Australia ndi mayiko oyandikana nawo. Kumeneko sikunali kofunika kutenga mendulo: opambana awiri a ndime ya semifainolo ndiwo anadzigulira malo, ena onse n'kubwerera. Malo atatu otsala anakalimbirana ku Istanbul mu Meyi 2024, komwe kunasonkhana onse amene analephera kwawo, kuphatikizapo a m'mayiko amene mwana amayamba kugwetsana asanayambe sukulu.

Kwa mwana wa ku Tete, ndiye kuti mwayi weniweni uli pa malo awiri aja a chigawo chathu, ndipo pamenepo amakhala akudikira anyamata a ku Egypt, Nigeria, Algeria, Tunisia, Morocco ndi South Africa, ambiri a iwo atayamba masewerawa ali ana ndipo atalimbanapo kambirimbiri kunja kwa mayiko awo. Mphwanu wachita zaka ziwiri pa matiresi. Ndikanama ndikanena kuti 2028 ili pafupi kwa iye, koma ogwetsana ambiri amakhwima ali ndi zaka za m'ma 25 kupita m'tsogolo, ndipo pa Olimpiki ya ku Brisbane mu 2032 iye adzakhala akadali m'nyengo ya mphamvu zake.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse, a malume, ndi iyi: munthu sadzilembetsa yekha ku mipikisano imeneyi, ngakhale atanyamula ndalama zodzaza ngolo. Wolemba dzina lake ndi bungwe la masewerawa la dziko lake limene ndi lovomerezeka ku United World Wrestling, ndipo kudzera m'bungwe lomwelo ndi mmene amapezera laisensi ya mpikisano wa mayiko, yomwe imafuna kuti dokotala ayambe wamupima. Malo a ku Olimpiki akapezeka, sakhala a munthuyo koma a dziko, ndipo kwa ife wotumiza anthu ndi komiti ya Olimpiki ya dziko lathu, Comité Olímpico de Moçambique, ku Maputo. Pa ndondomeko ya Paris, dziko linkayeneranso kuyamba laonekera pa mpikisano wa akatswiri a chigawo chake lisanaloledwe kulowa mpikisano wodzigulira malo. Mukagulitsa ng'ombe lero, mphwanu akhoza kukafika pakhomo la bwalo ku dziko lachilendo n'kuuzidwa kuti dzina lake mulibe m'kaundula, ndipo inu n'kutsala ndi ngolo yopanda chokoka pa nthawi yotuta kachewere kumunda. Ngati pali munthu amene wamulonjeza kuti akangopereka ndalama amupezera malo, mufunseni kalata ya bungwe yokhala ndi chidindo, ndipo ngati kalatayo palibe, ndalama isatuluke m'thumba.

Kuti mphwanu asataye mtima, muuzeni za dziko la Guinea-Bissau, dziko laling'ono lolankhula Chipwitikizi ngati ife, limene chuma chake sichiposa chathu. Augusto Midana wa kumeneko anagwetsana pa ma Olimpiki anayi otsatizana, kuyambira ku Beijing mu 2008 mpaka ku Tokyo, ndipo Diamantino Iuna Fafé anafika ku Tokyo ndi ku Paris m'gulu la makilogalamu 57. Kwawo kugwetsana kwa m'midzi ndi mwambo wamoyo, monga kulili ku Senegal ndi ku Niger, ndipo chimene anachita n'kutenga anyamata a pamchenga n'kuwaika pamphasa, chaka ndi chaka n'kumawatumiza ku mpikisano wa akatswiri a mu Africa mpaka mayina awo atadziwika. Sanayambe ndi Olimpiki. Ifenso tili ndi umboni wathu: mendulo ziwiri zokha zimene Mozambique ali nazo pa Olimpiki, ya bulonzi ya 1996 ku Atlanta ndi ya golide ya 2000 ku Sydney, anabwera nazo katswiri wothamanga Lurdes Mutola, amene anafika pa Olimpiki yake yoyamba mu 1988 ndipo anadikira zaka 12 kuti avale golide.

Ndibwerere ku nkhani ya sikelo, imene kwa ine ndiyo yoopsa kuposa ya ng'ombe, chifukwa ng'ombe zimagulidwanso koma impso sizigulidwa. Ndikumvetsa kumene mphwanu watenga nambala ya 65. Magulu a amuna a luta livre pa Olimpiki ndi asanu ndi limodzi okha, a makilogalamu 57, 65, 74, 86, 97 ndi 125, ndipo iye poona kuti ali pakati pa 65 ndi 74 waganiza kuti kutsika n'kopepuka kusiyana ndi kukumana ndi zimphona. Chimene waiwala n'chakuti pa mipikisano ya akatswiri a mu Africa ndi a dziko lonse magulu amakhala khumi, ndipo limodzi mwa iwo ndi la makilogalamu 70, limene iye angalowe popanda kudzizunza. Mnyamata wa zaka 19 wonyamula matumba tsiku ndi tsiku thupi lake likukulabe, ndipo zaka zingapo zikubwerazi 74 idzamukwana yokha ngati akudya bwino. Nzeru ndi yakuti ayambire pa 70, adye nsima, nyemba, mazira, nsomba ndi kachewere wanu yemweyo, n'kukwera ndi minofu kupita ku 74, osati kutsika ndi ludzu kupita ku 65.

Masiku ano kupima kulemera kumachitika m'mawa wa tsiku lomwelo la mpikisano, ndipo wopitirira ku tsiku lachiwiri amakweranso sikelo kachiwiri, kotero kuti amene wadziumitsa sapeza nthawi yokwanira yobwezeretsa mphamvu asanalowe m'bwalo. Dziko lonse linaona zimene zinachitikira Vinesh Phogat wa ku India ku Paris. Mayiyu, amene ankakonda kulimbana pa makilogalamu 53, anatsikira pa 50, anagonjetsa Yui Susaki wa ku Japan yemwe anali katswiri wa golide wa ku Tokyo, n'kufika mpaka ndime yotsiriza, koma m'mawa wa tsiku la fainolo sikelo inaonetsa kuti wapitirira ndi magalamu 100, kulemera kosafika ndi kachewere mmodzi wamkulu, ndipo anachotsedwa osalandira mendulo iliyonse. Iyeyo anali ndi madokotala ndi akatswiri a zakudya pambali pake usiku wonse. Zoopsa kuposa pamenepo zinachitika ku United States mu Novembala ndi Disembala 1997, pomwe ophunzira atatu a m'makoleji ochita masewera ogwetsana anamwalira pofuna kutsitsa thupi mofulumira podzitulutsa thukuta ndi kudzimana madzi. Tsono taganizirani mwana wanu akuthamanga m'mapulasitiki ku Moatize mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Akayamba kumva chizungulire, mutu, kukokana kwa minofu, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likhala likuchenjeza kuti madzi atha. Mumuchenjezenso za mapiritsi okodzetsa amene anyamata ena amapatsana mobisa, chifukwa kuwonjezera pa kuwononga thupi, ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala achinyengo m'masewera, ndipo wopezeka nawo amaimitsidwa masewera.

Nanga ndalama yochepa imene mungakwanitse popanda kukhudza khola ipite kuti? Choyamba mnyamatayu akhale ndi chitupa cha unzika (BI) chosatha ntchito ndi pasipoti, chifukwa ambiri amaitanidwa mwadzidzidzi n'kutsala kaamba ka mapepala. Apimidwe mtima ndi magazi kuchipatala. Mphunzitsi wake alembe kalata yofotokoza gulu lawo, chiwerengero cha anyamata, zaka ndi kulemera kwawo, apite nayo ku ofesi ya boma yoona zamasewera mumzinda wa Tete, ina n'kuitumiza ku Comité Olímpico de Moçambique, kupempha kuti gululo lilumikizidwe ndi oyendetsa masewerawa m'dziko muno ndi kuti liuzidwe za mpikisano wapafupi. Ajambule pa foni kulimbana kwake kwathunthu, mphindi zisanu ndi imodzi zosadula, osati tizidutswa tosonyeza pamene iye akupambana pokha, chifukwa wodziwa masewerawa amafuna kuona zimene munthu amachita akatopa. Ulendo wa ku Maputo ndi wa makilomita opitirira 1,500, ndipo ngati pali ulendo woyenera kuusonkhera mametikali pabanja ndi umenewo, wa pabasi, atalandira kalata yomuitana. Kulinso thandizo la Olympic Solidarity, limene komiti ya Olimpiki ya dziko lonse imapereka kwa osewera a m'mayiko osowa kuti aphunzire ndi kuyenda, koma limadzera ku komiti ya dziko ndipo limapita kwa amene aonetsa kale zotsatira.

Pa mipikisano yoyang'anapo, aike maso pa wa akatswiri a mu Africa, umene umachitika chaka chilichonse ndipo uli ndi magawo a achinyamata, kenako masewera a African Games, amene ku Accra mu Malichi 2024 anali ndi kugwetsana. Wina akhoza kumuuza za Commonwealth Games popeza Mozambique analowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, koma adziwe kuti ngakhale kugwetsana kunalipo ku Birmingham mu 2022, sikunaikidwe pa mndandanda wa masewera a ku Glasgow a 2026.

Pomuuza zonsezi, a malume, musamuitanire pabwalo pamaso pa abale onse ngati wopalamula. Mukhale naye awiri madzulo, mumufunse kuti akusonyezeni mmene amalowera m'miyendo ya mnzake, muone makutu ake ngati ayamba kutupa ndi mawondo ake ngati asupuka, ndipo mumuuze kuti mukufuna kukaonana ndi mphunzitsi wake ku Moatize. Mnyamata amene amaweruka ku maganyu olemetsa n'kukagwa pa matiresi kwa zaka ziwiri popanda womulipira ali ndi khama limene simuyenera kulizimitsa. Mukamukaniza ng'ombe popanda kumupatsa njira ina, adzakakongola ndalama kwa akatapila, ndipo mlanduwo udzabwererabe pakhomo panu.

FUNSO

Akonzi, ndine mtsikana wa zaka 16 wa ku Matundo mumzinda wa Tete. Ndimachita masewera ogwetsana ndi achimwene anga kuseri kwa nyumba ndipo ndimawagwetsa, koma amayi akuti si masewera a mwana wamkazi. Kodi akazi amapita nawo ku mipikisano ikuluikulu?

Mtsikana wa ku Matundo

YANKHO

Mwanawe, amapita, ndipo kuno ku Africa akazi ndiwo atichotsa manyazi m'masewera amenewa. Kugwetsana kwa akazi kunalowa pa Olimpiki ku Athens mu 2004, ndipo lero kuli magulu asanu ndi limodzi, a makilogalamu 50, 53, 57, 62, 68 ndi 76, kuchuluka kofanana ndi kwa amuna a luta livre, malamulo ake n'kukhalanso omwewo. Marwa Amri wa ku Tunisia anatenga bulonzi ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo Blessing Oborududu wa ku Nigeria anatenga siliva ku Tokyo m'gulu la makilogalamu 68. Amayi ako uwakumbutse mwaulemu kuti kwathu kuno Alcinda Panguana ndi Rady Gramane anabwera ndi mendulo kuchokera ku mpikisano wa nkhonya wa akazi wa dziko lonse ku Istanbul mu 2022, pa masewera amene anthu ambiri ankati ndi a amuna okha, ndipo dziko lonse linawalandira ndi nthungululu.

Pa zaka 16 uli m'gawo la osapitirira zaka 17, limene zigawo zake zimakhala za mphindi ziwiri osati zitatu, ndipo wayamba pa msinkhu wabwino kuposa mnyamata wa m'kalata ya pamwambayi. Koma usiye kugwetsana pa dothi louma la kuseri kwa nyumba, chifukwa khosi ndi phewa sizichedwa kuvulala pamenepo, ndipo mphunzitsi weniweni amayamba ndi kukuphunzitsa kagwedwe asanakuphunzitse kagwetsedwe ka mnzako. Sukulu usaisiye, thupi usalimane chakudya pofuna kulowa gulu lina, ndipo kulikonse kumene ukaphunzire pakhale munthu wamkulu wa kwanu wodziwa malowo, nthawi yoyambira ndi yoweruka. Upemphe amayi ako kuti tsiku loyamba apite nawe okha, akakhale pambali pa mphasa, akaone ndi maso awo ndi kumufunsa mphunzitsiyo chilichonse chimene chili kukhosi kwawo.